Bulangeti Losamatula

Mayi a mapasa sakonda kumatula zinthu. Pamwamba pa kabati yawo pali ketulo yomwe ili m'katoni mwake, mbale zosakhudzapo madzi, ndi bulangeti lofiira lomwe likadali m'pulasitiki. Zonsezi ndi mphatso zochokera kwa ana awo, amene tsopano ali pantchito.

Khalidweli linayamba chaka chimene fakitale ya nsapato inatsekedwa, bambo a mapasa n'kukhala pakhomo. Mayiwo ndi amene ankasenza katundu wa m'nyumba kupita naye kwa wogula zakale. Kumeneko anaphunzira kuti chinthu chomatula chimagulidwa ngati chotola, pomwe chosamatula amachilandira ndi manja awiri.

Bambo anapezanso ntchito, ana anakula, koma mantha sanasamuke. Kale mayi ankaimba potsuka mbale zawo zobenthuka, osadziona osauka. Lero kabati yadzaza, koma akamva kuti kwinakwake achotsa anthu ntchito, amakwera pampando kukaona ngati mbewa sizinaboole pulasitiki. Bulangeti lofunda iwo ndi lakale lomwe lija, zigamba zokhazokha, zosoka okha.

Nyengo yozizira, mmodzi wa mapasa aja anabwera kudzacheza ndi khanda lake. M'mawa khandalo linadzuka likutsokomola, timapazi tili zii.

"Amayi, tsitsani bulangeti ndinakugulirani lija. Mwanayu wazizidwa."

"Lija n'la tsiku loipa," anayankha mayi, maso ali pa zovala zimene ankasita.

Bambo anaseka. "Tsiku loipalo lidzatipeza titauma kale ndi chisanu, mayi."

"Inu khalani chete. Munapondako kwa wogula zakale inu?"

Bambo anaweramira tiyi wawo.

Khanda linatsokomolanso. Mayi anaimika simbi, nakokera mpando pafupi ndi kabati. Analitsitsa bulangetilo n'kuima nalo kanthawi, atalikumbatira. Kenako anatenga lumo nadula pulasitiki m'mbali mwenimweni, pang'onopang'ono, mzere wowongoka.

Anamukulunga okha mdzukuluyo mpaka kutsala mphuno. Posakhalitsa mwana anabwezera mkaka pabulangetipo.

"Basi, latha mtengo," anatero mayi, akupukuta ndi kansalu. Anakhala naye pamiyendo, akumuimbira chapansipansi mpaka timapazi titafunda.

Pulasitiki ija anaipinda bwinobwino, naibwezera pamwamba pa kabati, pansi pa ketulo.