Pasiwedi Imene Fumbani Anakana Kuiona

Anzanga, ndine Tiyese, uja wa chiponde cha ku Chulu. Lero ndikuuzeni za Fumbani.

Tinakumana pa msika wa Santhe, fumbi lili koboo. Anagula botolo limodzi, kulawa ndi chala pomwepo, n'kundiyang'ana.

"Asisi, chiponde chokoma chonchi mukuchibisiranji?"

"Ndachibisa bwanji, poti ndachiyala pamphasa?"

"Pamphasa amaona ndi a pa Santhe okha. Pa webusaiti amaona mpaka a ku Lilongwe."

Ndinamuseka. Ine ndinkayesa zimenezo ndi za mabanki ndi makampani a fodya!

Anali mphunzitsi wa sekondale, wochokera kumpoto. Loweruka lililonse ankabwera kwathu pa njinga. Anajambula mabotolo anga, anajambula manja a amayi akukazinga mtedza, n'kuika mitengo ndi nambala yanga. Chikondi chinalowera momwemo, osagogoda n'komwe.

Atamaliza kukonza webusaiti yanga, anandipatsa laputopu.

"Lemba pasiwedi wekha."

"Ingolembani inu, a Fumbani. Zanga ndi zanu."

"Ayi. Ukamagulitsira pa peji ya munthu wina, tsiku lina adzakutsekera kunja. Iyi ikhale m'dzina lako."

Anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma mpaka ndinamaliza kulemba. Zinandinyansa pang'ono.

Anzanga, zimene zinachitika! Sabata yachitatu foni inalira. Mayi wa shopu ku Lilongwe, akufuna mabotolo makumi anayi. Munthu wosandidziwa, wosadziwa ngakhale njira ya ku Chulu! Ndinakhala pansi m'chigafa cha fodya cha abambo. Kenako anaimba wina wa ku Mzuzu.

Amayi anaigwira foni ndi manja awiri, akuyang'ana chithunzi chija.

"Ndiye kuti a ku Mzuzu akuona manja angawa? Ha!"

Mu Ogasiti Fumbani anabwera akukankha njinga, osaikwera.

"Tiyese, sorry... Kwathu kuli mtsikana. Malowolo makolo anga anapereka kale. Ukwati ndi Okutobala."

"Munadziwa liti zimenezi?"

"Tisanakumane."

Ndinalira, sindinama. Sabata imeneyo mtedza ndinapsereza kawiri.

Ndinatsegula webusaiti ija kuti ndiifufute, ndisamaonenso chilichonse chimene anakhudza. Ndinapezamo maoda atatu akundidikira. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake anayang'ana kukhoma tsiku lija. Ankadziwa kuti adzachoka, ndipo sanafune kuchoka ndi kiyi wa bizinesi yanga.

Mpaka lero ndimadabwa, anzanga. Munthu anandinamiza miyezi isanu ndi iwiri, koma yemweyo anandisiyira shopu imene palibe angandilande, ngakhale iyeyo. Ndimude kapena ndimuthokoze? Sindikudziwa.

Chimene sanadziwe n'chakuti pasiwedi imene ndinalemba iye atafulatira, inali dzina lake.

Ndaisintha m'mawa uno.