Zikope za Amayi

Nthawi imeneyo amayi anali moyo, tikukhala ku Chawama m'zipinda ziwiri za lendi, ndipo madzulo ankaimba nyimbo za kwaya akusankha nyemba pakhonde. Chaka chimene mwana wanga anayamba kukwawa, zikope zawo zinali zitagwa. Khungu linalendewera mpaka kuphimba maso, moti akafuna kukuona bwino ankakweza chikope ndi chala. Tinkaseka nazo. Ine ndinasiya kuseka tsiku limene ndinachokera kumsika n'kupeza mwana atatambasulira dzanja mbaula ya moto, amayi ali pomwepo, akuimba, osamuona.

Ndinalibe wina womusiyira. Ndikamagulitsa tomato mtima unkangokhala kunyumba, pa mbaula, pa ngalande ya kuseri, pa njinga zodutsa pakhomo.

Kuchipatala adokotala anati njira zilipo ziwiri: kudula khungu lotsala pazikope penipeni, kapena kucheka pamwamba pa nsidze n'kuzikokera m'mwamba. Nditamva za mpeni pafupi ndi diso, ndinatembenukira kwa amayi.

"Amama, sankhani ya pansidze, chonde," ndinatero. "Dzanja likaterereka padiso tidzatani?"

"Nanga mphini zanga?"

Pamwamba pa nsidze anali ndi mphini zimene anawatema amayi awo kumudzi ku Katete, ali namwali.

"Zimenezo zidzapita ndi khungu, amama," anatero adokotala. "Koma makwinya adzachepa, mudzaoneka ngati mtsikana."

"Utsikana ndipite nawo kuti, ba dokotala? Mufuna madalaivala a minibasi ayambe kundiimbira likhweru? Dulani pazikope. Za amayi anga musakhudze."

Namwino anaseka mpaka kugwira khoma. Ine misozi inali m'maso.

Tsiku la opaleshoni ndinakhala pabenchi panja, mwana kumsana, ndikuyang'ana chitseko, aliyense wotuluka ndikumuwerenga nkhope. Amayi anatuluka maso atatupa, akuda bii, ndipo mwana atawaona analira. Kumsika sindinapite, tomato anaolera m'beseni. M'mawa uliwonse ndinkawafunsa ngati akuona, iwo n'kumati ndisawasokose.

Kutupa kutaphwa, tsiku lina ndikuchapa matewera, ndinamva akukuwa ali pakhonde.

"Iwe! Mwana wako waika chiyani m'kamwa uko?"

Mwanayo anali kutali, kumpanda wa aneba. Ndinathamanga, ndinamupisa chala m'kamwa, n'kutulutsa kachitsekerero ka botolo.

"Mayi wotani iwe, maso uli nawo awiri abwinobwino," anatero amayi.

M'mawa mwake ndinawasiyira mwana, ndinasenza beseni, ndipo ndinakafika kumsika osacheuka.