Imvi za M'kachitini ka Tiyi

Anandiitana Lachitatu m'mawa, sabata yachiwiri ya Ramadani, ndikuyanika matawulo kuseri kwa nyumba. Madamu sankanditchula dzina, ankangoomba m'manja kawiri. Tsiku limenelo anatchula dzina lonse, ndi la bambo anga lomwe, monga linalembedwera mu pasipoti. Ndinapukuta manja m'chitenje n'kulowa.

M'chipinda cha alendo, momwe ndinkangolowamo pokolopa, munali bwana, madamu ndi apolisi awiri, mmodzi wamkazi. Dalaivala wa panyumbapo, Mmalawi mnzanga, anaima pakhomo. Patebulo panali kachitini kanga ka tiyi, kotsegula, ndipo m'katimo munali imvi za miyezi isanu ndi itatu.

Ndifotokoze za imvizo, chifukwa mlandu wonse ndi umenewo. Ntchito yanga ku Al Markhiya, mumzinda wa Doha, inali yosamalira amayi ake a bwana, agogo amene anafa mbali imodzi ndi sitiroko, mawu n'kuwathera. Ndinkawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawapesa pawindo. Tsitsi lawo linali lalitali, loyera mbee, ndipo linkatsalira lambiri m'chipeso. Kwathu ku Balaka amayi anandiphunzitsa ndisanayambe n'kutunga madzi komwe: tsitsi ndi zikhadabo za munthu sitisiya poyera, oipa angatole n'kumupweteka nazo. Umakulunga, n'kukakwirira pamene palibe akukuona. Nanga ku Doha ukwirira pati? Bwalo lonse matailosi, kapinga wa pulasitiki, maluwa a m'miphika obwera pa lole. Kunja kwa geti sindinkatuluka. Kutaya imvi za munthu wamkulu m'bini, pamodzi ndi mafupa a nkhuku, mtima unkakana. Ndiye ndinkazikulunga pachala n'kuika m'kachitini, agogowo akuonerera, ndikuti tsiku lina ndidzapeza dothi.

"Sihiri," anatero madamu, akuloza kachitiniko ndi kiyi wa galimoto, osakakhudza. Mawu amenewo ndinkawadziwa. Ndi ufiti. Ati apongozi awo sakuchira chifukwa cha ine.

Wapolisi wamwamuna ankafunsa m'Chiarabu, dalaivala n'kumatanthauzira.

"Akuti tsitsili ndi la ndani?"

"La agogo."

"Akuti mumafuna kuchita nalo chiyani?"

"Kukwirira. Achimwene, inu mukudziwa. Tawauzani kuti kwathu timatero."

Anayang'ana nsapato zake. "Achemwali, ine ndikungotanthauzira basi. Kontirakiti yanga yatsala miyezi itatu, musandiikemo."

Munthu ameneyu pamkono pake, mkati mwa malaya a yunifomu, panali chithumwa cha chikopa chimene ankadzitama nacho kukhitchini, ati chimamuteteza ku ngozi za pamsewu. Asa! Mwamuna akavala mankhwala amati ndi wokhwima. Ine ndinasunga tsitsi la nkhalamba, ndi mfiti. Ndinamuyang'ana pamkonopo mpaka anapisa dzanja m'thumba.

"Yala," anatero wapolisi wamkazi, kutanthauza kuti tiyeni, n'kundigwira pachigongono mofatsa. Pageti ndinaima n'kutembenukira dalaivala uja.

"Chimodzi chokha, achimwene. Kumudzi musanene."

"Aaa, ine? Pakamwa panga m'pa loko."

Mkazi wake amagulitsa tomato pamsika womwe amayi anga amagulapo mchere. Ine ndende sindinkaiopa kwenikweni, ndinkaopa msika umenewo. Bambo atamwalira, ine ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, abale awo anaitanitsa sing'anga wa kalilole kuti aone amene wawadya. Anaonamo anthu atatu, onse akazi, onse amasiye, mmodzi amayi anga. Amuna a m'mudzimo, ena a mphini thupi lonse, anakhala pamipando pansi pa mtengo wa mango kuonerera. Akazi atatuwo anaimitsidwa padzuwa kuyambira m'mawa mpaka mithunzi kutalika, ndipo anamwetsedwa zimene anamwetsedwa. Awiri anabwerera kwawo akuyenda okha. Ife tinasamuka sabata yomweyo, ndi mphasa ndi mapoto. Zinatitengera zaka makumi awiri kuti anthu a kumalo atsopanowo ayambe kudzapala moto kwa amayi. Tsono akanangomva kuti mwana wawo wamangidwa kwa Aluya chifukwa cha ufiti, akanati tinanena ife, n'za m'magazi. Amayi amakhala okha, ndipo chitseko chawo n'cha mabango.

Anandiika m'chipinda chachikulu cha akazi a mayiko osiyanasiyana. Magetsi sankazima, makina oziziritsa sankapuma, ndipo kawindo kanali pamwamba zedi, kongoonetsa kuyera kwa thambo. Usana ndi usiku zinasungunukira pamodzi. Masiku ndinkawawerenga ndi kuitana kwa kumzikiti, kumene kunkatipeza kuchokera patali ngati kukudutsa m'madzi.

Tsiku lachiwiri anandifunsa mafunso, ine ndikuyankha ndi Chingerezi changa cha sitandade seveni. Wofunsayo anali wodekha, wa magalasi, ndipo kachitini kanali patsogolo pake m'pepala la pulasitiki.

"Munalembapo mawu? Munamangapo mfundo?"

"Ayi."

"Anakuphunzitsani ndani?"

"Palibe."

"Munthu sabadwa akudziwa. Amayi anu?"

Cholembera chake chinaima m'mwamba. Ndinaona dzina la amayi likulowa m'pepala, pepalalo likuyenda kupita ku ofesi ina, kwa Amalawi ena, mpaka pamulu wa tomato.

"Amayi anamwalira," ndinatero.

"Wachibale woti timudziwitse?"

"Ndilibe."

Analemba. Ndinabwerera pamatiresi panga n'kufunda mpango kumutu, chifukwa ndinali nditangowaika amayi anga m'manda ndi pakamwa panga, m'mwezi wosala, iwo ali moyo. Ndinalira mosabisa.

Akazi anzanga atamva mlandu wanga, matiresi anayamba kusuntha. Pofika tsiku lachisanu ndinali ndi malo otambalala kuposa aliyense, ndikugona motambasula miyendo ngati mkazi wa bwana. Wina wa ku Kenya anabwera akunong'ona kuti ndimupangire mankhwala oti kesi yake ithe. Abale inu! Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndinati, "Mnzanga, ndikanakhala ndi mphamvu zimenezo, bwenzi nditakwera kale lichero, pano ndili ku Balaka ndikukazinga chimanga." Anakhumudwa, koma mawa lake anabweza matiresi ake pafupi ndi anga.

M'mawa uliwonse ndinkafunsa mlonda wamkazi kuti nditulutsidwa liti. Yankho linali limodzi: "Bukura, inshaala." Mawa, Mulungu akalola. Ndikapitiriza ankati, "Halasi," ndiye kuti basi, "khala pansi."

Kenako tsitsi langa linayamba kuthothoka. Ndikadzuka ndinkalipeza pamatiresi, ndipo dzanja linkatola lokha, kukulunga pachala, n'kumanga pansonga ya mpango. Ndinkalota ndili maso. Khoma linkatseguka, ndikuona munda wa thonje kwathu, utayera mpaka kuphiri. Ndikamatola, thonjelo linkasanduka imvi. Patsogolo panga pankakhala munthu pampando, atandifulatira, akudikira chipeso. Tsiku lina anali agogo a ku Al Markhiya, tsiku lina amayi, ndipo nthawi zambiri sindinkatha kuwasiyanitsa. Ndinkapesa, tsitsi likutalika, likutsetsereka mpaka pansi, likudutsa pansi pa chitseko, likuyenda m'misewu ya Doha pakati pa magalimoto, anthu akulilumpha. Ndikagwada kuti ndikumbe, zala zinkagunda matailosi. Ndikatsitsimuka ndinkapeza ndikukanda pansi, mnzanga wa ku Kenya atandigwira dzanja.

Tsiku la khumi ndi chisanu ndi chiwiri kunali chipikisheni, ndipo anapeza mfundo ya pampango. Mlonda anaimasula, n'kubwerera m'mbuyo masitepe awiri. "Ngakhale muno?" anatero. Ananditengera m'chipinda cha ndekha masiku asanu ndi limodzi. Za masiku amenewo ndingonena kuti munkazizira, ndipo bulangeti anaiwala. Idi inandipeza m'menemo. Ndinaidziwira ku zipatso zitatu za tende zimene zinabwera pambale.

Nditabwerera kwa anzanga ndinayambiranso kutola. Musandifunse chifukwa chake. Dzanja lophunzitsidwa ndi amayi silimva za apolisi.

Pa tsiku la makumi anayi ndi limodzi, Lolemba masana, ananditchulanso dzina lonse. Mu ofesi munali bwana, ali chiimire, akusewera ndi makiyi. Analankhula Chingerezi chapang'onopang'ono kuti ndimve. Anati analemba wantchito wina. Wantchitoyo atapesa agogo n'kupita ndi chipeso kubini, agogowo anamugwira ndi dzanja lawo lamoyo lija, osamusiya. Anakana kupesedwa, kenako anakana kudya. Tsiku lachitatu anatulutsa mawu, oyamba m'chaka chathunthu, amodzi okha: "Turabu." Dothi.

"Ndinali nditaiwala," anatero bwana. "Ndili mwana, tikukhala ku Umm Ghuwailina, amayi ankakumba kadzenje m'mbali mwa khoma n'kuikamo tsitsi lawo. Azimayi onse a mumsewu wathu ankatero."

Anati wachotsa mlandu. Kachitini anapita nako yekha kuchipululu, n'kukwirira zonse ndi manja ake. Madamu sankafuna kundionanso, choncho tikiti yanga inali ya Lachitatu. Mawu akuti pepani sanatuluke, ndipo ine sindinamuthandize kuwafuna. Ndinangofunsa ngati agogo ayamba kudya. Anati ayamba.

Anandibwezera pasipoti, chikwama ndi foni. Foniyo inali yodzaza moto. Wapolisi wamkazi wa tsiku loyamba uja anaitchaja, ndipo pondipatsa anayang'ana kumbali.

Kunja kwa geti kunkaomba mphepo yotentha, ya fumbi. Dzuwa linandilasa m'maso mpaka ndinagwira khoma. Ndinaimba nambala ya amayi, nditakonza kale bodza lakuti foni inagwera m'madzi.

"Amayi, ndine."

"Watuluka?"

Ndinakhala pansi pompo, pakonkire wotentha.

"Anakuuzani ndani?"

"Msika wonse, mwanangu. Lachisanu lomwelo. Dalaivala wanuyo anatumiza mawu pa foni ya mkazi wake, mkaziyo n'kumaimvetsa aliyense wogula tomato."

Loko wa achimwene anagwira masiku awiri okha. Ine masiku makumi anayi ndi limodzi ndinatseka pakamwa, kutchinjiriza nyumba yoti anaipeza kale.

"Anabwera?"

"Anabwera. Anyamata patsogolo, azibambo awo m'mbuyo."

"Anakuchitani chiyani?"

"Khitchini tidzamanga ina. Mkonowu ukuchira."

Amayi anaseka pang'ono, kuseka kumene ndinali ndisanakumvepo chimwalirire bambo.

"Anabweranso kachiwiri itatha Idi, ati ndisamuke. Ndinatulutsa mpando pakhonde, ndinavula mpango pamaso pawo, ndinadzipesa ndi dzanja labwinoli. Zonse za m'chipeso ndinaponya pabwalo, pamapazi awo. Ndinati tolani. Amene akufuna kundilodza atole, ndi ilo. Moyo wanga wonse ndabisa tsitsi kuopa mfiti, koma mfitiyo sindinaionepo. Amene mwandithyola mkono ndi inu, ndipo amayi anu ndikuwadziwa."

"Ndiye anatola?"

"Atole ndani? Anadumpha ngati aona njoka. Anachoka mmodzimmodzi, tsitsi nkhuku n'kumalipalasa. Ine sindisamukanso, ndatopa."

"Amayi, ine kuno ndinawauza kuti munamwalira."

"Unachita bwino. Koma ndilipo. Bwera udzandiluke, dzanja limodzi silikwanitsa."

Anthu amandifunsa kuti ufulu ndinaumva liti, potuluka pageti kapena ndege itatera kwathu. Sikunali konseko. Pageti ndinatuluka ndi mantha omwe ndinalowa nawo, nditawamanga pansonga ya mpango. Amayi atadula foni ndinakhalabe pansi, magalimoto akudutsa, bwana akundidikira patali. Ndinamasula mfundoyo ndi mano. Munali tsitsi langa la masabata atatu, kampira kakang'ono kakuda, kokhala ndi imvi ziwiri zimene sindinalowe nazo.

Pafupi panali kamtengo kodzalidwa m'mbali mwa msewu, ndipo pansi pake panali dothi lenileni, loyamba kuliona chifikire m'dzikolo. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali, zala zikuyabwa kuti zikumbe. Kenako ndinaimirira, ndinatambasula dzanja pamaso pa alonda a pageti, ndipo mphepo inatenga.