A Sindikusewera a ku Saluni

Lisanamukanirire dzina limene amadana naloli, anthu ankangomuti amake mapasa. Anali woluka tsitsi pa saluni ina ya m'mbali mwa msewu, kachipinda kamodzi kokhala ndi magalasi awiri, mipando ya pulasitiki ndi fani yolira ngati ikudandaula. Manja ake anali opepuka. Ana amene ankalira mokuwa kwa oluka ena, kwa iye ankagona tulo. Sanali wolankhulalankhula, ndipo makasitomala ankamukonda chifukwa nkhani zawo zinkathera pomwepo.

Chinthu chimodzi chokha ankachiopa: malo otsekeka. M'basi ankalimbirana mpando wa pawindo. Kunyumba, chitseko cha kuchipinda sankalola kuti chitsekedwe chonse, mpaka mwamuna wake, yemwe anali makaniko, anatopa nako kudandaula.

Mwamunayo anali ndi mng'ono wake wojambula maukwati, koma mtima wa mnyamatayo unali pa mafilimu. Tsiku lina anafika kunyumba atanyamula kamera, n'kukhala pamkono wa sofa.

"Alamu, nkhope yanuyi ikungowonongeka mu salunimo," anatero. "Ndikupanga filimu yoopsa. Anthu akulowa mpikisano wa pa TV, atsekeredwa m'nyumba, makamera paliponse. Owonera akuvota pa foni kuti atuluke ndani. Koma amene wavoteredwayo satuluka ayi. Amamukankhira m'kachipinda kosungira katundu, ndiye mmenemo muli chinthu."

"Ine zisudzo sindizitha, alamu."

"Simulankhula zambiri. Mungolowa, mukuwe kamodzi, basi mwafa."

Anayang'ana mwamuna wake kuti amuthandize kukana, koma iye anangoti, "Muthandizeni mwanayu, wakunja angamulipiritse." Apongozi ake, amene ankakhala nawo nyumba yomweyo, anawonjezera kuti m'banja muno anthu amagwirana manja. Kukana kunasowa polowera.

Anajambulira m'nyumba ina imene mwini wake anali asanamalize kumanga. Chinthu choopsacho anali wometa wa pafupi ndi saluni, atafunda neti ya udzudzu yopaka makala. Magazi anali juwisi wofiira, moti ntchentche zinkatsata aliyense amene wafa. Itakwana nthawi ya amake mapasa, mlamuyo anaika kamera pashelefu m'kachipindamo, n'kuyatsa katochi kamodzi. Munalibe windo. Munkanunkha simenti ndi mkodzo wa makoswe.

"Tikangotseka, mukuwe. Titsegula pompo," anamulonjeza.

Anatseka. Iye anakuwa monga anamuuzira, n'kudikira. Anamva kiyi akuzungulira, kenako kaphokoso kakuti thyo, kenako manong'onong'o. Kiyi anali atathyokera mu loko. Kunjako anagwirizana zokasaka kalipentala, ndipo palibe anaganiza zomuuza bwinobwino. Katochi kaja kanayamba kuzilala. Mpweya unamuchepera, makoma anakhala ngati akusendera kwa iye. Anamenya chitseko ndi zibakera, ndi mapewa, ndi chipumi chomwe.

"Alamu! Nditsegulireni! Sindikusewera! Ndili ndi ana ine! Sindikusewera!"

Pamene kalipentala ankazula chitsekocho, anamupeza atakhala pansi, mawu atasasa, zala zikutuluka magazi enieni. Mlamuyo anapepesa kwambiri, n'kumugulira chakumwa chozizira. Zoti kamera inali ikujambula nthawi yonseyo sanazitchule.

Filimuyo anaionetsa koyamba Loweruka lina masana, mu holo ya pasukulu. Mawindo anawatchinga ndi mabulangete, zitseko n'kuzitseka ndi unyolo kuti opanda matikiti asalowe. Kunkatentha, anthu thukuta lili kamukamu. Amake mapasa anamukhazika pakati pa mzere wakutsogolo, apongozi kumanja, mwamuna wake kumanzere, mapasa aja pansi patsogolo pake.

Anthu sanaope ngakhale pang'ono. Chinthu chija chitangotulukira, wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ameneyo ndi wometa uja! Taonani masilipasi akewo!" Holo yonse inaphulika. Mtsikana wina wa mu filimumo akuyenda chobwerera kumbuyo, amayi ena ankamulangiza ngati akuwamva: "Thawa iwe! Ukuyang'ana chiyani pamenepo?" Munthu atafa n'kumaonekabe akupuma, anyamata ankawerengera limodzi mmene mimba yake ikukwerera ndi kutsika. Mlamuyo anaima pakona, manja m'thumba, nkhope itagwa.

Kenako pakhoma panaoneka kachipinda kaja, ndi nkhope ya amake mapasa yaikulu ngati chitseko. Iye anadikira kukuwa kumodzi kuja. Koma chithunzicho sichinadulidwe. Anadziona akumenya chitseko, akupapasa khoma, mamina ali chuchuchu. Holo inangoti zii. Kwa kanthawi, ndipo kanali koyamba tsiku limenelo, anthu anagwidwa ndi mantha enieni. Mwana wina anayamba kulira.

Ndiye mawu ake anatuluka mu sipika: "Alamu! Sindikusewera! Ndili ndi ana ine!"

"Akuitana alamu awo!" anakuwa bambo wina. "Mu filimu mulinso alamu?"

Phwete limene linatsatira linagwedeza malata. Anthu ankamenya mabenchi, ena kugwerana. Apongozi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango, uku akumugwira pantchafu. Amake mapasa anadzuka kuti atuluke, koma miyendo ya anthu inali ponseponse, ndipo amene anasunga kiyi wa unyolo anali atapita kukagula madzi. Anabwerera pampando pake, n'kuona zonse mpaka pamapeto. Potuluka, anthu anamuzungulira, aliyense akufuna kujambulitsa naye.

"Mwatipulumutsira filimu, alamu," anatero mlamuyo, nkhope itawala tsopano. "Inu ndinu katswiri."

Sabata isanathe, kachidutswa kaja kanali m'mafoni a anthu. Wina anaikamo ng'oma ndi gitala, moti kanasanduka nyimbo yovinira. Makondakitala ankakuwa "Sindikusewera!" poitanira anthu. Amayi pokalipira ana, anyamata pofunsira, onse anali mawu omwewo. Iye akamadutsa pamsewu, ankangomva, "A Sindikusewera, mwadzuka bwanji?"

Kusaluni ndiye kunavuta kwambiri, chifukwa woluka sathawa. Ukayamba mutu wa munthu, uyenera kuumaliza, ngakhale zitenge tsiku lonse. Kasitomala ankakhala pansi, iye n'kugawa tsitsi ndi chipeso, ndipo asanafike ndi pakati pomwe, foni inkatuluka. Ankamva kulira kwake kukuchokera pamiyendo ya munthu amene akumuluka, uku m'galasi akuona nkhope zikumusuzumira.

"Tangonenani kamodzi, mayi. Mwana wangayu akumveni."

Owonerawo sanali amtundu umodzi. Ena ankati filimuyo ndi yachabechabe koma mbali yakeyo anaibwereza kambirimbiri. Mphunzitsi wina anamufotokozera nthawi yaitali kuti kukuwa kwake kunali kowonjeza, munthu wamantha enieni sachita choncho. Mayi wina wopemphera anakana kuti amugwire m'mutu, ati munthu amene anagwidwa ndi chinthu chija ayambe wapemphereredwa. Panalinso namwino wina wachikulire amene anangoti, "Ine ndinazimitsa, sindinathe kuonera." Amake mapasa anafuna kumufunsa chifukwa chake, koma mu saluni munali anthu, ndipo namwinoyo sanabwerenso.

Mwini saluni, amene onse ankamuti Madamu, anasangalala nazo. Anasuntha mpando wa amake mapasa kuuika pakhomo penipeni, kuti odutsa azimuona. Atadandaula, Madamu anati, "Mutu ukakula sulewa nkhonya, mchemwali. Anzanu akusaka mwayi umenewu."

Mapasa aja anayamba kukana kupita kusukulu. Mmodzi anabwera malaya atang'ambika, atamenyana ndi mnzake amene ankamutsekera m'chimbudzi kuti akuwe ngati amayi ake. Tsiku limenelo amake mapasa anapita kwa mlamu wake.

"Ichotseni, alamu. Chonde."

"Ndichotse kuti? Ili m'foni ya aliyense. Madzi akatayika saoleka, alamu."

Anapempha tchuthi n'kupita kwa mkulu wake, m'tauni ina yakutali. Anapumako tsiku limodzi. Mawa lake, ali pamzere wogula buledi, wogulitsayo anamuyang'anitsitsa, n'kuyamba kumwetulira, n'kuitana mnzake. Iye anasiya bulediyo pakauntala. Patangotha masiku ochepa anabwerera kwawo, poti kumeneko anthu anali atamuona kale, sankachita kuitanizana.

Anapeza banja lonse likumudikira pabalaza. Mlamuyo anali ndi nkhani: anthu akufuna gawo lachiwiri. Ulendo uno akamutsekera m'bokosi la maliro, koma adzaboola timabowo ta mpweya.

"Ayi," anatero amake mapasa.

"Tayambani mwamva kaye," anatero mwamuna wake.

"Ndakana. Tsiku lija ndinkafa ine. Simunandione manja? Ndikunena zoona, sindiku..."

Anadzigwira pakamwa, koma anali atachedwa. Apongozi ndiwo anayamba kuseka, mlamuyo n'kutsatira. Mwamuna wake anayesa kudziletsa, mapewa okha akugwedezeka. Sankaseka mwankhanza ayi, ndipo n'chimene chinamupweteka kwambiri. Anawayang'ana mmodzimmodzi, n'kuzindikira kuti m'nyumba imeneyi mkwiyo wake sudzamvekanso ngati mkwiyo. Anadzuka n'kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Gawo lachiwiri analijambula ndi mtsikana wina, amene anakuwa bwino ndithu, koma anthu sanalikonde. Mlamuyo anabwerera ku maukwati, ndipo mpaka lero apongozi amati mkazi wa mwana wawo anatsekereza mwayi wa banja. Nyimbo ija inazizira, kunabwera zina zoseketsa. Dzina lokha ndi limene linatsala. Ana amene anabadwa pambuyo pake amamutchula choncho mwaulemu, poganiza kuti ndi dzina la makolo ake.

Akadali pa saluni pomwepo, pampando wa pakhomo. Mawu ake anachepa kuposa kale. Akafuna kudzudzula mwana kapena kukana chinthu, amayamba wasankha mawu mosamala ngati munthu wowoloka msewu.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wachilendo, wotopa ndi ulendo, amene anangofuna mizere yosavuta. Sanatulutse foni. Sanamuyang'ane kawiri. Anangofunsa ngati mvula yayamba kuno, kenako mutu wake unalemera, n'kugona. Mizere yotero amake mapasa amaimaliza msangamsanga, koma tsiku limenelo analuka pang'onopang'ono, akumasula pamene panali bwinobwino n'kuyambiranso, mpaka Madamu anamufunsa ngati manja akumupweteka.