Tambala amene tinapita naye ku tiyi

Ndikukumbukira komboni yathu ya Maramba m'chaka chomwe mbendera ya dziko inasintha, mchenga ukuotcha kumapazi ngati phulusa lamoto. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, sindibisa, koma Chizungu cha pakamwa ndinali nacho kuposa ana onse a mzere wa nyumba zathu. Funsani aliyense amene watsala! N'chifukwa chake atate anga, batata m'kuitana kwathu, amene ankacheka matabwa a mitengo ya mukusi kumacheka, ankandiyesa womasulira wawo.

Tsiku lina ndinawaperekera chakudya kuntchito. Bwana wawo, mzungu wofiira makutu, anali wansangala, poti masiku amenewo azungu anali atayamba kumwetulira anthu akuda. Anawagwira batata paphewa n'kulankhula.

"Akuti chiyani, iwe?"

"Akuti tsiku lina mupite ndi banja lonse kunyumba kwawo, mukamwe tiyi."

Ndinamasulira bwino, mpaka lero ndikhoza kulumbira. Koma batata chakudya chija sanachikhudze. Kunali mphekesera yoti asankha munthu wakuda kukhala kapitawo, ndipo ena achotsedwa ntchito. Kwathu wamkulu akakuitana, kusapita ndi mwano. Nanga kupitako? Kumayadi anthu ngati ife ankalowera khomo lakuseri basi. Sabata yonse amayi ankangondifunsa, "Unamva bwino, mwana iwe? Atate ako akachotsedwa, tidzadya Chizungu chakocho?"

Lamlungu titaweruka kutchalitchi tinanyamuka. Batata ali m'jekete yobwereka kwa ba Mubita oyandikana nafe, amayi chitenje chatsopano, ine nsapato za msuweni zikundiluma zala, tambala wathu wofiira ali m'khwapa mwanga, poti mlendo sapita chimanjamanja. Chapatali utsi wa madzi a mathithi aakulu a kwathuko unkaoneka ndithu, koma thukuta lili kamukamu.

Pageti anatilandira ndi galu. Dona, mkazi wa bwana, anatulukira pakhonde n'kutiyang'ana ngati tabweretsa uthenga wa maliro. Kenako bwana, atavala kabudula, nyuzi ili m'manja, makutu aja afiira kuwirikiza. Pomwepo ndinazindikira kuti munthuyu sankatiyembekezera, lero kapena tsiku lina lililonse. Tambala naye anasankha nthawi yomweyo kundiipitsira malaya.

Anatikhazika pakhonde. Khukhi wawo, bambo wachikulire wa mtundu wa Alozi, potipatsa makapu anawanong'oneza batata, "Bamdala, aba bakakamba ati mubwere, ni moni chabe." Batata anamwa tiyi wotentha uja osauzira, msana uli nganganga.

Potsanzika batata anapereka tambala ndi manja awiri, n'kunditsina. "Uwauze abwere kwathu ku Maramba, adzadye nafe." Ndinawauza. Bwana anamwetulira mano onse poyera, n'kunena kuti angakondwe kwambiri, posachedwapa ndithu.

"Akuti chiyani?"

Ndinayang'anitsitsa kumwetulira kuja. "Akuti sabwera."

Batata anandiyang'ana kanthawi, n'kugwedeza mutu. "Manje wachidziwa Chizungu."

Usiku umenewo sindinagone, ndikumva makolo akunong'onezana kuseri kwa katani. M'mawa batata anapita kuntchito ngati munthu wopita kukhoti. Madzulo anabwera ndi utuchi m'tsitsi monga mwa masiku onse, ndipo ndi pamene ndinapuma. Ukapitawo anaupeza wina, koma ntchito sinathe. Bwana uja kuyambira pamenepo ankawazemba batata pakati pa milu ya matabwa ngati mkamwini wothawa apongozi.

Lero azungu aja anapita, macheka anazima, koma matendawo anatisiyira. Adzukulu anga a ku Dambwa amandiimbira foni, "Ambuya, tizabwera kukuonani, manje manje." Ndi "posachedwapa" wa bwana uja, koma m'Chinyanja chathu chomwechi! Ine ndimayankha mokweza kuti zikomo, ndikuyembekezani. Ndikatsitsa foni ndimatuluka panja, n'kumuuza tambala wanga kuti agone mtima uli m'malo.