Modemu Pakhonde la Apongozi

Modemu ija inabwera pa basi ya ku Joni itakulungidwa m'bulangete. Anaitumiza ndi mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, amene anapita kumeneko ine ndisanakwatire n'komwe. Kanali kabokosi koyera kokwana m'dzanja, kolowetsamo simu khadi. Uthenga wake unali wakuti popeza ine ndine mphunzitsi, ndiponso ndili ndi laputopu, ndiwathandize amayi ake kuti azilankhula naye moonana nkhope.

M'katoni munali kabuku kosimba mbiri ya kampani yopanga modemuyo. Ndinakawerenga konse, poti kwathu ku Mtakataka nyuzipepala imatipeza itakulunga kale usipa. Kampaniyo akuti inayamba ndi mawaya a telefoni agogo athu akadali kumbuyo kwa amayi awo. Kenako inayala zingwe pansi pa nyanja zamchere, n'kudzatulukira njira yoyendetsa mawu ndi zithunzi m'mwamba popanda waya. Modemu yathuyi akuti inkatha kulumikiza mafoni ndi makompyuta angapo nthawi imodzi, kulikonse kumene munthu ali. Anthu amenewa anali anzeru, sindikana, koma ku Mtakataka anali asanafikeko.

M'nyumba mwanga kanyali ka modemu kankangoyaka kofiira. Ndinayesa kuseri kwa khola, pansi pa mlambe, ngakhale pabwalo la sukulu. Ndinazungulira mudzi wonse nditaitukula m'mwamba ngati wogulitsa nsomba m'mbali mwa msewu wa ku Golomoti. Netiweki inagwira malo amodzi okha, pakhonde la apongozi anga.

Ine ndine mkamwini, ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga, ndipo m'banja limeneli mwambo wothawana ndi apongozi aakazi sankauseweretsa. Tikakumana panjira, iwo ankalowa m'chimanga cha kumanja, ine cha kumanzere. Mawu athu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Iye akachokapo, apongozi ankafunsa nkhuku kuti, "Kodi aphunzitsi sanaone kuti mbuzi yawo ikudya chinangwa changa?" Ine ndinkapepesa nkhokwe. Tinakhala choncho zaka zambiri osayambana, ndipo kunena zoona mayi amenewa ndinkawakonda, ngakhale kuti ndinkadziwa bwino zitenje zawo kuposa nkhope yawo.

Vuto linali maso awo. Ng'ala inkawaphimba pang'onopang'ono, ndipo ankauza aliyense kuti akufuna kumuona mwana wawo kusanade. Mlamu ankapuma Lamlungu lokha masana. Lamlungu lina kunachita mitambo, sola n'kulephera kudzaza batire. Lamlungu lina abwana ake anamuitana kuntchito. Kenako kunagwa maliro pamudzi, ndipo munthu sungayatse laputopu anzako akulira. Tsiku limene zonse zinalongosoka, mkazi wanga anali kuchidikiro ku Mua, ali wotopa. Panalibe wotiimira pakati.

Ndinafika pakhonde cham'mbali ngati nkhanu. Laputopu ndinaiika pa mtondo wozondotsa, modemu n'kuimangirira pa nsanamira ndi luzi. Apongozi anakhala kumapeto kwa mphasa atandifulatira.

"Zikanakhala bwino amayi akanasendera pafupi," ndinauza nsanamira.

"Aphunzitsi adziwe kuti ndamva," iwo anauza chitseko.

Anasendera. Laputopu inalira, ndipo mlamu anatulukira atakhala pabedi m'kachipinda ka malata.

"Amayi! Amayi, mukundiona?"

Pakona pa galasi la laputopu panali kachithunzi koonetsa ife eni akefe, ndipo m'menemo ndi mmene ndinaionera koyamba bwinobwino nkhope ya apongozi anga. Inali nkhope ya mkazi wanga yeniyeni, koma yotopa. Apongozi anayandikira mpaka mphuno kukhudza galasi. Anabwerera m'mbuyo, anapendeketsa mutu, anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje, kenako anapukuta maso awo. Chithunzi chinali chooneka bwino kwambiri, ngakhale misomali ya pa malata inkawerengeka. Modemu inalibe mlandu. Tinali titachedwa.

"Eya, ndikukuona," anamuyankha mwana wawo.

Kenako anatembenuka. Sanayang'ane chitseko, anayang'ana ine.

"Aphunzitsi, ndikungoona utsi wokhawokha," ananong'ona. "Tandiuzani inu. Wanenepa?"

Ndinafunafuna nkhuku yoti ndiiyankhe, koma pabwalo panali mbee.

"Aonda pang'ono, amayi. Koma malaya avala ochapa bwino."

"Nanga tsitsi?"

"Ameta. M'mbalimu mwayamba imvi."

"Imvi? Kamwana kadzanadzana kameneka?" Anaseka pang'ono, n'kundigwira mkono. Dzanja lawo linali lozizira, lokhakhala ndi mpini wa khasu. "Chipsera cha pachipumi chilipo? Anagwa mu mtengo wa mango ameneyu, sankamva."

"Chilipo, amayi. Kumanzere."

"Eya, kumanzere."

Ife tinkayesa kuti tikunong'ona, koma makina aja sabisa mawu. Mlamu anamva zonse. Ankayesetsa kumwetulira, milomo n'kumakana.

"Bwanji wangoti zii?" apongozi anafunsa. "Yathawa netiweki yanuyo?"

"Ilipo, amayi. Alamu akulira. Adziphimba kumaso ndi manja."

Apongozi anawongola msana, n'kuyang'anitsitsa utsi wawo uja. Mkono wanga sanausiye.

"Iwe, chotsa manjawo!" anakalipa. "Mlamu wako sanamalize kundionera."