Lutgarde Anati Tidikire Boma

Anzanga, ine ndine Allal. Sukulu sindinaiponde, izi ndikungoyankhula foni ikulemba yokha.

Lutgarde ndinakumana naye mu tramu, sitima ya m'tauni, ya ku Schaerbeek kuno ku Brussels. Ndinamupatsa mpando, iye n'kukana.

"Khalani ndinu madala, mawondo akunjenjemeratu awo."

"Mayi, njanji mukuyendapozi ndinayala ndine. Sindikhala mzimayi ali chiimire."

Tinaima tonse mpaka kotsikira, mpando uli wopanda munthu.

Iye wamasiye, ine wamasiye. Lamlungu lililonse ankabwera ndi mawafo otentha, timakeke takwawo, ine n'kuphika tiyi wa minti. Kwawo amayankhula Chidatchi, ine Chifalansa changa n'chotola pantchito, koma tinkamvana.

Nditamufunsira ukwati anandigwira dzanja.

"Ndavomera, Allal. Koma mwana wanga Wannes wangosankhidwa kumene kukhala phungu kumbali ya Chidatchi. Mbali yathu nduna zimakhala ziwiri zokha, ndiye akulimbirana mpando. Tisamusokoneze, boma liyambe lakhazikika."

"Likhazikika liti?"

"A Chifalansa akagwirizana, a Chidatchi akagwirizana, kenaka onse pamodzi."

Ndinati nkhani ya sabata imodzi imeneyo. Ndinakasoketsa suti.

Anzanga, Brussels mukuidziwa... Mbali iyi ikati eya, inayo iti ayi. Chisanu chinabwera, chinapita, chinabweranso. Ine amene ndale sindinkazilabadira ndinayamba kuonera nkhani m'zilankhulo zonse ziwiri, china osachimva n'komwe, kumangoyang'ana ngati akugwirana chanza.

Mwana wanga Naima anati, "Bambo, kodi mukukwatira mayiwo kapena nyumba ya malamulo?"

Ndinamuthamangitsa. Mwezi wathunthu sindinamuyankhule.

Tsiku lomwe nduna zinalumbira ndinavala suti ija, itayamba kale kundikhwepa. Lutgarde anatsegula chitseko pang'ono pokha.

"Wannes mpando sanaupeze. Wakhumudwa kwambiri, si nthawi yabwino. Tidikire chisankho chinacho."

"Lutgarde, tsitsi langali mukuliona? Chisankho chinacho chidzandipeza?"

Anayang'ana pansi.

"Kodi Wannes dzina langa amalidziwa?"



Pamenepo m'kati munamveka mawu a mwamuna: "Amayi, ndani ameneyo?"

"Palibe, mwanawe. Ndi bambo wina wasochera nyumba."

Ndinabwerera pansi, tramu sindinakwere. Anthu amene sagwirizana ngakhale pa dzina la msewu anatha kukhala pa tebulo limodzi, koma ine pa tebulo la Lutgarde sindinakhalepo.

Munthu akamati dikirani, anzanga, muzimufunsa ngati kwawo anakutchulanipo.

Naima ndamuimbira dzulo. Suti akubwera kudzaitenga.